Lamba wa Amalume Pansi pa Chelo

Lamba wa amalume ndili naye mpaka lero. Ali m'dirowa ya pansi, pamodzi ndi nsambo zoduka za chelo ndi timabokosi ta utomoni wopaka pa uta. Ndi wachikopa, wakuda, wong'aluka m'mbali, ndipo pa chitsulo chake chomangira pali kadzenje kakang'ono, ngati pamene msomali unalasa n'kubwerera. Ana amene ndimawaphunzitsa akamuona amafunsa kuti lamba wa mwamuna akufuna chiyani m'dirowa yanga. Ndimawauza kuti atsegule mabuku awo.

Ubwana wanga wonse lamba ameneyu ndinkamuopa. Amalume sanandikwapulepo naye, nditi ndinene zoona, koma ana awo aamuna atatu ankamudziwa bwino. Ndinkadziwa kulira kwake akamasololoka m'chiuno, kuti swee, ndipo ukamva zimenezo unkayamba wafufuza kumene kuli khomo.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Tinkakhala ku Zengeza 3, kufupi ndi Harare, ine ndi amayi, m'zipinda ziwiri za kuseri kwa nyumba ya eni. Amayi ankasoka mayunifomu a sukulu pa makina opukusa ndi dzanja. Bambo sindinawadziwe, ndipo nkhani yawo sinkakambidwa m'nyumba mwathu. Amayi anali aang'ono thupi ndi nkhope yomwe, moti tikakwera kombi, minibasi ya kumeneko, anthu ankafunsa ngati anali achemwali anga. Ine ndinkanyadira zimenezo koopsa, n'kumawakodola amayi ndi chigongono. Iwo sankaseka, ankangoyang'ana panja pa windo.

Amalume ankakhala ku Unit N, dera lina la m'tauni yomweyo. Anali kalipentala, komanso mkulu wa mpingo wathu, mpingo wa ife amene agogo athu anachoka ku Malawi kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya. Kwathu mwini mbumba ndi malume, choncho pa nkhani za ine mawu awo ndiwo anali otsekera. Ankandilankhula m'Chichewa, ine n'kumayankha m'Chishona ngati ana onse a mumsewu mwathu, iwo n'kupukusa mutu. Anali munthu wosakonda nyimbo. Ngakhale m'tchalitchi, ng'oma ikayamba, ankapeza chifukwa chotulukira panja.

Ndiye panali aphunzitsi. Anali pulofesa ku sukulu yaikulu ya zoimbaimba ku Harare, nkhalamba yaitali yowerama, ya jekete lotuwa limodzimodzilo. Loweruka lililonse ankabwera ku holo ya tchalitchi chathu pa kagalimoto kofuka utsi, atanyamula zoimbira zitatu zotchedwa chelo kumbuyo, kudzatiphunzitsa ife ana. Chelo, kwa amene simunachione, ndi choimbira cha nsambo zinayi, chooneka ngati gitala wonenepa, koma chimaima pansi pa chisonga chachitsulo, ndipo umachiliza pokhwekhwesa nsambozo ndi uta. Amayi ankachitcha kaligo wa azungu. Kuti chilire bwino umakhala kumphepete kwa mpando, n'kutang'adza miyendo, chelocho chili pakati pa mawondo, chitatsamira pachifuwa. Ukakoka uta pa nsambo yaikulu, mawu ake amalowa m'mafupa asanafike m'makutu. Tsiku loyamba limene ndinamva zimenezo ndinaiwala kupuma.

Kwa zaka ziwiri ndinakhala choncho Loweruka lililonse, ndipo palibe anaona cholakwika, poti ndinali kamwana ka miyendo ngati bango. Koma mu Meyi chaka chimenecho ndinatha msinkhu. Kunabwera alangizi atatu a kumpingo, anayala mphasa m'chipinda, natseka chitseko. Zambiri zimene ananena ndinaziiwala, koma chimodzi anachibwereza mpaka chinandilowa: mtsikana wamkulu amavala chitenje, ndipo akakhala pansi mawondo amakhala pamodzi.

Mwezi womwewo aphunzitsi anatiuza kuti akupuma pantchito. Anatambasula manja kuti tione. Zala zinali zitapindika ndi nyamakazi, mfundo zake zitatupa ngati nthudza. Anati anzawo a m'tauni akukonza konsati yowatsanzika, koma iwo anapempha kuti ichitikire m'holo yathu, mu Julaye, ndipo ophunzira awo akale adzabwera kudzaimba. Nyimbo yomaliza tidzaimba awiri, iwo ndi ine. Anyamata awiri amene ndinkaphunzira nawo anali atayamba kale kukonda mpira kuposa uta.

Kenako ananena chimene chinandisowetsa mtendere nyengo yonse yachisanu. Chelo chimodzi chidzatsala ku Zengeza, m'nyumba ya mwana amene adzaimbe tsikulo makolo ake akuona, ndipo wophunzira wawo wina wakale, mayi wa ku Manyame Park, adzapitiriza kumuphunzitsa. Ngati palibe mwana woteroyo, zonse zitatu zidzabwerera m'tauni. Sanafune kusiya choimbira m'nyumba imene eni ake sakuchifuna. Ndinathamanga njira yonse yopita kunyumba, fumbi lili koboo kumbuyo, ndikuganiza kale pakona pamene chelo changa chizidzagona.

Loweruka lotsatira amalume anabwera kuholo kudzayeza mabenchi ofuna kukonza. Ndinali pakati pa nyimbo pamene ndinaona chithunzithunzi pakhomo. Anaima pamenepo, pensulo ili kukhutu. Anayang'ana mawondo anga, kenako anayang'ana anyamata akuluakulu awiri amene ankasuzumira pa windo monga ankachitira masiku onse. Anyamatawo anabalalika. Amalume anatuluka osayeza benchi ngakhale limodzi.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi anafika kwathu. Anakana tiyi. Ine ndinagwada pakhomo la chipinda, chitenje chili m'chiuno, mawondo pamodzi monga mwa malangizo, ngati kuti zimenezo zikanandithandiza.

"Chemwali," anatero kwa amayi, "mwanayu wakula. Zija ndinaonazi zithe."

Amayi anati ndi nyimbo chabe, achimwene.

"Nyimbo chabe," anabwereza amalume, ndipo anawayang'ana amayi nthawi yaitali mpaka iwo anazyolika. "Iwe ndiye unganene zimenezo?"

Sindinamve chimene ankatanthauza. Ndinangoona kuti amayi anayamba kuthothola ulusi pa siketi yawo, ulusi umene panalibe. Amalume anapitiriza kuti anthu a kuno amatinena kale, amatitcha mabhurandaya, dzina lotinyoza ife a ku Malawi, ndipo za ana athu aakazi amakamba zonyansa m'mabala. Ndiye mwana wa mbumba yawo akatang'adze miyendo kutsogolo kwa holo yodzaza amuna? "Kwa eni kulibe mkuwe," anatero. "Chikakugwera kuno, ulira wekha."

Ndinawada tsiku limenelo. Ndikunena mosabisa, ndinawada. Lero ndikamaganiza ndimaona kuti pa mawu onse amene ananena panalibe lonena kuti ine ndalakwa, koma mwana wa zaka khumi ndi ziwiri samva zimenezo. Amangomva kuti ayi.

Masabata awiri sindinapite kuholo. Ndinkakhala pakhonde n'kumakoka kamtengo pa mkono wanga wamanzere, zala zikuyenda pa nsambo zimene panalibe. Lachitatu lina masana kagalimoto kofuka utsi kanaima pa geti. Aphunzitsi ananditenga ine ndi amayi, tinapita ku Unit N, kumene amalume ankapala matabwa pansi pa shedi ya malata. Nkhalamba ija, pulofesa wathunthu, inavula chipewa, inakhala pa chitsa, n'kuomba m'manja mwaulemu wa Chishona ndi zala zake zopindikazo. Analankhula m'Chishona, amalume n'kumayankha m'Chishona chawo cholemera lilime.

Aphunzitsi sanatsutse chilichonse. Anangoti kalekale, ngakhale kwa azungu kumene chelo chinachokera, akazi sankaloledwa kukhala chotang'adza, ndiye ankaimba mawondo onse awiri ali mbali imodzi, chelo chitatsamira pambali. Anatenga thabwa n'kuonetsa. Amalume anayang'ana thabwalo, napukuta utuchi m'manja.

"Avale chitenje. Mawondo pamodzi, kuyamba mpaka kumaliza. Ndipo ine ndidzakhalapo."

M'galimoto pobwerera ndinali wosangalala ngati wapambana mayeso. Aphunzitsi sanalankhule njira yonse.

Ndinadziwa chifukwa chake Loweruka lotsatira. Kuimba chammbali ndi chilango. Msana unkapindika, phewa linkawawa, ndipo poti mawondo sankagwira chelo, kulemera kwake konse kunkapita pa chisonga chija. Mawu ankatuluka oonda ngati a mbuzi ya chimfine. Chimene chinkandipulumutsa ndi simenti ya m'holomo, yomwe inali yakale, yokumbikakumbika. Kutsogolo kunali kadzenje kena kamene ndinkakadziwa ngati chikhatho changa. Ndikalowetsa chisonga mmenemo, chelo chinkaima nji. Aphunzitsi ankamvetsera atatsinzina, n'kungoti, "Bwerezanso, mwanangu."

M'masabata amenewo amayi anayamba kutseka chitseko masana akamasoka, chinthu chimene sankachita chifukwa cha mdima wa m'nyumbamo. Kutatsala masiku awiri kuti konsati ichitike, anandiitana. Pa bedi panali siketi yaitali yofika m'mapazi, yotambalala moti ikanakwana anthu atatu. Ndinazindikira nsalu zake. Zinali zitenje zawo zitatu, pamodzi ndi chobiriwira chija ankachisungira maukwati.

"Uvale mkati," anatero. "Chitenje pamwamba, monga ananenera amalume ako."

Ndinafunsa kuti nanga siketi yonseyi ndi yachiyani ngati ibisika.

"Kukuzizira," anatero amayi, n'kubwerera pa makina.

Tsiku la konsati tinafika dzuwa litangopendeka, ndipo nditalowa m'holo mtima unagwa. Mpingo wathu unali utamva kuti kukubwera alendo olemekezeka a m'tauni, ndipo ife pa nkhani yolandira alendo sitichita masewera. Amalume eni ake anali atamata maenje onse ndi simenti yatsopano sabata imeneyo, bwinobwino monga ankagwirira ntchito iliyonse. Kenako amayi a mpingo anagwada masiku atatu kupaka polishi wofiira ndi kukwecha ndi maburashi, mpaka pansi pankaoneka nkhope. Fungo la polishiyo linkalasa m'mphuno. Kadzenje kanga panalibe.

Alendo aja, amuna ndi akazi asanu ndi atatu ovala zakuda, atangoponda pansipo anayang'anana. Aliyense anatulutsa kachingwe kachikopa m'thumba la chelo chake, anakakoleka ku mwendo wa mpando, n'kulowetsa chisonga m'kamphete ka kumapeto kwake. Amalume, amene ankasanja mipando, anaima n'kuonerera mmene ankachitira, monga kalipentala aliyense amachitira akaona chinthu chachilendo. Ine ndinalibe kachingwe. Sindinkadziwa n'komwe kuti zoterozo zimapemphedwa, ndipo aphunzitsi anali atazunguliridwa ndi anthu owakumbatira. Ndinakhala pa benchi ya kutsogolo, chitenje chitandimanga miyendo ngati mtolo wa nkhuni, n'kumapemphera kuti chisonga chigwire chokha.

Holo inadzaza mpaka m'mawindo. Abusa analengeza kuti nyimbo za mtundu umenewu saombera m'manja pakati, tidikire mpaka oimba atsitse mauta. Amayi a mpingo anavutika nalo lamulo limenelo, ndinkawaona akumeza nthungululu. Zoimbira zisanu ndi zitatu zikulira pamodzi zinagwedeza malata, ndipo mwana wina wakhanda amene ankalira anatonthola yekha. Panali zolankhula, mphatso, misozi ya anthu akuluakulu amene aphunzitsi anawaphunzitsa ali ana. Ine sindinamve zambiri. Ndinkangoyang'ana pansi pofiira paja, ndi amalume amene anaima pakhomo atapinda manja.

Kenako anatiitana. Aphunzitsi anakhala kumanja kwanga. Gawo lawo linali la mawu aatali, apansi, okhawo amene zala zawo zikanatha. Nyimbo yeniyeni inali yanga. Ndinakhala chammbali, ndinaimika chisonga, ndinakweza uta.

Mizere iwiri yoyamba inayenda. Pa wachitatu, pamene nyimbo imafuna kuti ukanikize uta, chisonga chinatsetsereka kuti kwee, chelo chinagwera kutsogolo, ndipo ndinachigwira pakhosi chisanamenye pansi. Wina kumbuyo anaseka. Aphunzitsi anapitiriza kukoka liwu lawo limodzi lalitali, kundidikira. Ndinayambanso. Chinatsetserekanso pamalo pomwe paja, ulendo uno mpaka chinasiya mzere woyera pa polishi wa amayi a mpingo.

Ndinadziwa kuti kachitatu kulibe, kuti ndikaimirira n'kuchoka pamenepo, chelo chikwera kagalimoto kaja ndipo sindidzachigwiranso. Ndinayang'ana amayi pa benchi yachiwiri. Sanagwedeze mutu, sanandikodole. Anangoika dzanja m'chiuno mwawo, pamene pamakhala mfundo ya chitenje.

Ndinamasula. Chitenje chinagwera pa mpando, siketi ija inatambasuka mpaka pansi mbali zonse, ndipo ndinatsegula mawondo n'kukokera chelo pakati, pamalo pake. Palibe chimene chinkaoneka, ngakhale chala cha kuphazi. Komabe ndinamva manong'onong'o akuyenda m'mabenchi a alangizi.

Ndiye ndinamva nsapato za amalume. Ankabwera pakati pa mabenchi osafulumira, ndipo ali pakati pa njira dzanja lawo linapita m'chiuno. Swee. Lamba anasololoka.

Ana awo atatu, amene anakhala pansi kutsogolo, anabisa mitu. Amayi anaimirira theka. Liwu la aphunzitsi linaduka. Ine ndinakumbatira chelo n'kutsinzina, ndipo chimene ndinkaganiza, ndikukumbuka bwino, n'chakuti akwapule ine, asalase thabwa.

Chikwapu sichinabwere. Ndinamva mpando wanga ukunyamuka pang'ono mbali imodzi. Nditatsegula maso, amalume anali atagwada pansi, mkulu wa mpingo, mwini mbumba, atagwada pamapazi a mtsikana holo yonse ikuona. Anakoleka lamba ku mwendo wa mpando monga anaonera alendo aja, anamukoka kuti awongoke, anagwira chisonga ndi dzanja lawo lokhakhala n'kuchikhazika pa chitsulo chomangira. Anachikanikiza kawiri kuyesa ngati chagwira.

"Imba," anatero chapansipansi, osakweza maso. "Ine ndili pompano."

Sanabwerere pakhomo. Anaima pambali panga, atandifulatira, nkhope ili kwa anthu, dzanja limodzi litagwira thalauza kuti lisagwe. Tsiku lina anthu akanaseka. Tsiku limenelo palibe anayerekeza.

Aphunzitsi anandiyang'ana, anapumira m'mwamba monga ankachitira potipatsa chizindikiro, ndipo tinayamba pachiyambi. Za mmene ndinaimbira sindinganene zambiri, ndinali mwana, ndipo ndikudziwa tsopano kuti ndinathamanga pakati. Koma chelo chinaima nji, ndipo mawu ake anabwerera m'mafupa mwanga kwa nthawi yoyamba m'masabata asanu. Pa liwu lomaliza aphunzitsi anausiya uta pa nsambo nthawi yaitali nyimbo itatha kale. Atautsitsa, amayi a mpingo anatulutsa nthungululu zonse zimene anameza masana onse.

Chelo chinatsala. Aphunzitsi anachipereka m'manja mwa amalume, osati mwanga, ndipo amalume anachinyamula paphewa mpaka kunyumba kwathu, thalauza atalimanga ndi chingwe cha magetsi chimene anatola kuseri kwa holo. Lamba anamusiya pa tebulo, anati ndizigwiritsa ntchito poti pansi m'nyumba mwathu panalinso poterera. Aphunzitsi sindinawaonenso. Anapita kumudzi kwawo mwezi womwewo.

Panjira ndinalimba mtima n'kuwafunsa amalume, m'Chichewa tsopano, ngati nyimbo ija inawakomera.

"Sindinaimve," anatero.

Mawu amenewo ndinawasunga kukhosi zaka zambiri. Munthu anaima pafupi choncho, osandiyang'ana ngakhale kamodzi, n'kunena kuti sanamve! Ndinkati anachita manyazi nane. Ndinakula, ndinaphunzira, ndinaimba m'maholo aakulu, ndipo nthawi zonse akabwera ankachita chimodzimodzi, kuima pambali nkhope ili kwa anthu. Ndinasiya kuwaitana.

Amayi anandiuza chifukwa chake amalume atamwalira, tikuchapa mbale za pamaliro. Anati pa famu pamene anakulira, Loweruka madzulo atsikana ankavina, ndipo woimba ng'oma wodziwika pa famu yonse anali achimwene awo. Tsiku lina amayi anavina bwino kuposa onse. Anali ndi zaka khumi ndi zitatu. Kapitawo wa pafamupo anali m'gulu la oonerera, ndipo sabata isanathe anawaitana kuti akamutungire madzi kunyumba kwake. Agogo sanakadandaule kulikonse za zimene kapitawoyo anawachita amayi kumeneko, poti nyumba, ntchito ndi chakudya zonse zinali m'manja mwa munthu yemweyo. Amalume anaboola ng'oma yawo ndi mpeni. Amayi anati mawu amene achimwene awo ankabwereza chaka chonsecho anali amodzi okha: "Maso anga anali pa ng'oma."

Koma madzulo a konsati aja zonsezi sindinkazidziwa. Ndinkayenda kumbuyo kwa amalume nditatupa ndi mkwiyo, siketi yanga ikukokota fumbi la Zengeza, osadziwa kuti m'holo muja iwo anali kuyang'ana maso a mwamuna aliyense, benchi ndi benchi, kuyambira liwu loyamba mpaka lomaliza. Pa geti mayi wina wachilendo, mmodzi wa oimba aja, anatipeza n'kuwagwira amayi dzanja, nati mng'ono wanuyu ali ndi mphatso. Ine ndinawakodola amayi ndi chigongono monga mwa masiku onse. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, iwo makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ngakhale masamu ndinkakhoza m'kalasi, kuchotsera kumeneko ndinali ndisanakuchitepo.